Kodi mtima ndingaukhazike bwanji pansi m'nyengo yovutayi?

Akuluakulu ndi anzanga nonse, ndikupempha nzeru. Ndimagulitsa kachewere pamsika wa Lizulu, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha mu Novembala 2023, tulo sindikutiona bwino. Ndinawerenga za Epictetus, yemwe anali kapolo ku Roma asanakhale mphunzitsi wa nzeru za Chistoiki (nzeru zakale za Agiriki ndi Aroma zophunzitsa kudziletsa ndi kupirira), ndipo ankaphunzitsa kuti munthu azisiyanitsa zimene zili m'manja mwake ndi zimene sangathe kuzisintha. Mfundoyi ndikugwirizana nayo, koma kuitsatira kukundikanika. M'bandakucha ndimakhala pakhonde, nditafunda chitenje chifukwa cha chisanu, n'kumawerenga mapumidwe anga, koma ndisanafike pa khumi, maganizo amakhala atathawira kale ku mtengo wa feteleza. Inu amene munazolowera kusinkhasinkha kotere, munayamba motani, ndipo panapita nthawi yaitali bwanji kuti mtima uyambe kukhazikika?