Dzina langa lili pa kampani ya amalume, tsopano a Finansa andilembera kalata: ndiyambire pati?

Membala wobisa dzina

Moni nonse. Admin, chonde ndibisireni dzina chifukwa abale ambiri ali momwemuno.

Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Ulongwe. Amalume anga, mlongo wawo wa amayi, ndi munthu wa bizinesi yaikulu. Amagula soya, nyemba ndi nandolo kuyambira ku Domue mpaka ku Tsangano, ali ndi nyumba zosungiramo mbewu komanso malole opita ku Beira. Ndi amene anandilipirira sukulu bambo atamwalira. Zaka zingapo zapitazo anandipempha chitupa changa cha BI ndi nambala yanga ya msonkho ya NUIT, amvekere akutsegula kampani ina ya Limitada ndipo pakufunika munthu wachiwiri wa pabanja. Tinapita kwa notariyo ku Tete, ndinasayina mapepala a kampaniyo, kenako pepala lina lowapatsa mphamvu yochita chilichonse m'dzina langa. Pobwerera anandigulira kapulana ndi nsapato, nkhani inathera pomwepo. Phindu la kampaniyo sindinalawepo ngakhale metikali imodzi.

Tsopano kwabwera kalata ya Autoridade Tributária, a Finansa otolera msonkho aja, ndipo yafikira kusukulu, a dairekitala anandipatsira pamaso pa aphunzitsi anzanga. Kalatayo ikunditchula kuti ndine woyendetsa kampani. Akuti ndikaonekere ndi mabuku a ndalama, mafatura a mbewu zimene zinatumizidwa kunja, ndi umboni wa chimene tinkalipirira ndalama ku kampani ina ya ku Dubai ndi ina ya ku Mauritius. Ine ku Dubai ndimangokuona pa Facebook.

Nditawaimbira amalume anaseka. Akuti: "Iwe usade nkhawa, ndi nyengo chabe, akungosakasaka aliyense amene ali ndi kenakake. Bweretsa kalatayo, adivogado wanga akonza. Ukapita wekha ukalankhula zopusa." Amayi akulira, akuti ndikufuna kumangitsa mlongo wawo. Amuna anga akuti mawa lomwe ndikwere shapa ndikanene zonse.

Amene mumazidziwa izi ndithandizeni. Kodi ngongole ya msonkho ikapezeka, idzagwera ine kapena amalume? Angathe kugwira malipiro anga kapena kanyumba kathu? Nanga kalatayi ndiipereke kwa amalume monga akunenera?

Kontabilista wa ku Tete

Aphunzitsi, choyamba kalata musaipereke. Ijambuleni, muwatumizire chithunzi ngati akuifuna, yeniyeniyo isachoke m'manja mwanu. Ili ndi dzina lanu ndipo tsiku lomaliza kuyankha limene lalembedwamo likuwerengedwa pa inu. Likadutsa, palibe adzamve kuti munapereka kwa amalume.

Pa funso lanu lalikulu, pali kusiyana pakati pa kukhala ndi gawo mu kampani ndi kukhala woiyendetsa. Mu Limitada, mwini gawo chabe amataya zimene anaikamo basi. Koma woyendetsa, amene a Finansa amamutcha administrador kapena gerente, lamulo la misonkho limalola kuti ngongole ya kampani imutsatire ngati katundu wa kampaniyo sakukwanira kulipira. Ndiye funso la malipiro ndi nyumba si lopanda pake ayi. Sizichitika lero ndi lero, pali njira yaitali ndipo muli ndi ufulu wodziteteza, koma mudziteteza bwanji pa mabuku amene simunawaonepo?

Ndikufotokozereni chimene akufunafuna, kuti mawu akuti Dubai asakuzunguzeni mutu. Kukhala ndi kampani kunja pakokha si mlandu. Mlandu umabwera chonchi. Munthu ali ndi kampani kuno ndi ina ku Dubai. Ya kunoyi imagulitsa nandolo kwa ya ku Dubai pa mtengo wotsika kwambiri, papepala. Sitima imanyamuka pa Beira kulunjika ku India, ku Dubai nandoloyo saponda n'komwe, koma fatura ya mtengo weniweni imalembedwa kumeneko. Phindu lonse limatsala uko, kuno mabuku amaonetsa kuti kampani yangobweza ndalama zake kapena yaluza, ndipo IRPC (msonkho wa phindu la makampani), imene mlingo wake wa nthawi zonse ndi 32 peresenti, sikhala ndi pogwira. Njira ina ndi yolipira kampani ya ku Mauritius ndalama za "uphungu" kapena chiwongola dzanja cha ngongole imene munthu wadzibwereketsa yekha. Amasankha maiko awiriwa chifukwa Mozambique ili nawo pa mgwirizano woti munthu asakhome msonkho kawiri, ndipo msonkho umene umadulidwa pa ndalama zotuluka, umene nthawi zambiri ndi 20 peresenti, umatsika kwambiri. Kumeneko nakonso msonkho ndi wochepa: Mauritius imati 15 peresenti koma ndi zochotsera zake ena amathera pa 3, ndipo ku Emirates msonkho wa makampani wa 9 peresenti unangoyamba mu 2023. Anzathu a ku Zambia anathetsa mgwirizano wawo ndi Mauritius mu 2020 pa zifukwa zomwezi.

Sindikunena kuti amalume anu anachita zimenezi, sindinaone mabuku. Koma mafunso a m'kalata yanuyo ndi a munthu amene akuyerekeza mtengo wa pa fatura ndi mtengo wa pa msika.

Dalaivala wa njira ya Beira

Zimene anena a kontabilista ndi zoona. Ife timanyamula matumba kuchokera ku Angonia, pa sikelo timaona kulemera kwake, mtengo umene alimi alipidwa timaudziwa chifukwa timakhalapo pogula. Ukayang'ana mapepala amene akupatsa kuti ukapereke padoko, wogula ndi kampani ya dzina lachingerezi, adiresi yake ndi bokosi la positi, mtengo wake ndi woti ngakhale mlimi wa ku Domue sangavomere. Ife timangoyendetsa. Koma mana, dzina la bwana silipezeka pa mapepala amenewo. Limakhala la mlamu, la mlonda, la mwana wa mchemwali wake.

Wa ku Moatize

Ine nkhani za "akulimbana ndi olemera" zimandiseketsa. Mu 2011 Rio Tinto inagula Riversdale, eni mgodi wa Benga pano pakhomo pathu, pa madola pafupifupi 4 biliyoni. Malonda anachitikira ku Australia, malasha ali pansi pa Tete, boma n'kumathamangira msonkho m'mbuyo zinthu zitatha kale. Patangotha zaka zitatu mgodi womwewo anaugulitsa madola 50 miliyoni. Amene amavutitsidwa ndi mayi wogulitsa tomato pa Zobue ndi mphunzitsi ngati uyu, amene msonkho wa IRPS amamudula asanaone n'komwe malipiro. Aphunzitsi, musadzipereke nokha kwa anthu amenewa. Amalume anu adziwa wolankhula naye, zitha.

Kontabilista wa ku Tete

Achimwene a ku Moatize, mwayamba bwino koma mwamalizira kuphompho. Nkhani ya Riversdale yomweyo ndi imene inachititsa kuti lamulo lisinthe: kuyambira 2014, phindu la kugulitsa chuma cha m'dziko muno limakhomeredwa 32 peresenti ngakhale ogulitsana onse ali kunja. Ndipo ndalama zinalowadi kuchokera ku gasi wa ku Rovuma, madola 400 miliyoni kuchokera ku kampani ya Eni, kenako 880 miliyoni mu 2019 pamene Total inatenga gawo la Anadarko. Kuti ndalamazo zinapita kuti ndi mkangano wina, tingachezere usiku wonse.

Koma mawu akuti "adziwa wolankhula naye" ndi a nthawi yakale. Mu Okutobala 2022 dziko lino linaikidwa pa mndandanda wa maiko okayikitsa pa za kutsuka ndalama, wa bungwe la GAFI, ndipo linatulukamo mu Okutobala 2025. Kuti lituluke linayenera kuonetsa ntchito. Mabanki anayamba kufunsa gwero la ndalama iliyonse yaikulu n'kumatumiza malipoti ku GIFiM (ofesi ya boma yofufuza za ndalama zokayikitsa), makampani anauzidwa kuti alembetse mwini wake weniweni, osati dzina la papepala lokha. Mu 2024 ofesi ya PGR, ya oimira boma pa milandu, inachita kampeni imene anaitcha Stop Branqueamento de Capitais, kumanga anthu ndi kulanda katundu ku Nampula, Nacala ndi Maputo, pa nkhani ya makampani amene ankatumiza ndalama kunja ati akuitanitsa katundu, katunduyo osafika. Palinso lamulo la 2020 lolanda chuma chimene munthu walephera kufotokoza kumene anachipeza akapezeka wolakwa pa milandu yotere. Kunja nako kubisala kunavuta: kuchokera 2017 maiko ambiri amapatsana okha mbiri ya maakaunti a kubanki, ndipo Panama Papers ya 2016 ndi Mauritius Leaks ya 2019 zinaulula mmene makampani a papepala amagwirira ntchito.

Mukunena zoona kuti wamkulu amapulumuka kawirikawiri. Amapulumuka chifukwa pamalo pake pamakhala pataima wina. Pa kampani iyi amene waima pamenepo ndi aphunzitsiwa, ndiye mukawauza kuti akhale chete mukuthandiza ndani?

Wa ku Moatize

Chabwino, koma mundiuze ndi angati a ngongole zobisika zija, zimene makampani a boma anatenga mobisa, abweza ndalama.

Wophunzira zamalamulo

Kubweza ndi nkhani ina, koma Manuel Chang anali nduna ya zachuma, anagwidwa ku Johannesburg mu Disembala 2018 ndipo khoti la ku New York linamupeza wolakwa mu 2024. Ku Maputo mu Disembala 2022 mwana wa pulezidenti wakale analamulidwa zaka 12. Tisapatutse nkhani ya mayiwa.

Aphunzitsi, adivogado wa amalume amalipidwa ndi amalume. Tsiku limene zofuna zanu ndi zawo zidzasiyane, ndipo pa nkhani ngati iyi zimasiyana, adzateteza amene amamulipira. Pezani wanu. Ngati ndalama palibe, pitani ku IPAJ, ofesi ya boma yothandiza pa zamalamulo, amathandiza ulere anthu ochepekedwa. Musanakumane naye, katengeni setifiketi ya kampaniyo ku Conservatória yolembetsa makampani ku Tete. Aliyense ali ndi ufulu woipempha, imaonetsa eni magawo, woyendetsa, ndi zonse zimene zinasinthidwa. Mwina mupeza kuti amalume anatulukamo kalekale mwatsala nokha ndi munthu wina amene simumudziwa. Pitaninso kubanki mufunse ngati pali akaunti imene dzina lanu lili pa osayinira.

Pepala lija lowapatsa mphamvu mungathe kulithetsa kwa notariyo, ndipo udindo woyendetsa kampani mungathe kuutula. Koma dziwani kuti kutula lero sikufafaniza zaka zapitazo, kumangotseka za mtsogolo. Chinthu chimodzi chokha ndikuchondererani: musasayine pepala lililonse latsopano, makamaka lokhala ndi deti la m'mbuyo. Anthu akapanikizika amabwera ndi mapangano opeka oti "tingokonza mafayilo". Kusayina kwa zaka zija mungafotokoze kuti simunkadziwa. Kusayina kwa sabata ino, kalata ili m'manja, simungafotokoze.

Mayi wa ku Tsangano

Ana inu mukulankhula ngati munthuyu alibe kwawo. Malume ndi mwini mbumba. Anamuphunzitsa ndani? Mawa kukagwa maliro adzagula bokosi ndi a Finansa? Mwanawe, usathamangire kuboma. Itanani akuluakulu a banja, amayi ako akhalepo, amuna ako akhalepo, amalumewo afotokoze pamaso pa onse chimene chili mu kampanimo. Zapabanja zimathera pamphasa.

Membala wobisa dzina

Amayi a ku Tsangano, mawu anu ndi amene akundisowetsa tulo, chifukwa ndi zoona, popanda iwo bwenzi ndikugulitsa mbatatesi pa Calomue. Koma ana awo enieni alipo atatu, onse akuluakulu, mmodzi amakhala ku Maputo. Bwanji sanalembe dzina la mmodzi wa iwo? Funso limeneli ndinawafunsa amayi, sanandiyankhe.

Mayi wa ku Tsangano

Apo ndiye wafunsa. Komabe ukawafunse iwo eni, mwaulemu, usanapite kwina.

Mlongo wanu wa ku Dedza

Ndili tsidya lino la Malawi koma zoterezi ndi zomwezo ndi a MRA. Ine ndingoti zonse ziwiri zitheka. Msonkhano wa banja uchitike, koma mupiteko mutaonana kale ndi loya wanu ndiponso setifiketi ija ili m'chikwama. Mukapita chimanjamanja adzakuuzani kuti zonse zili bwino, amayi adzalira, inu mudzapepesa, kalata idzatsala komweko. Ndipo pamsonkhanopo pemphani chinthu chogwirika: alembe ndi kusayina kuti kampani ankayendetsa ndi iwo, inu simunagwireko ndalama. Ngati zonse zili bwino monga akunenera, sangakane.

Kontabilista wa ku Tete

Ndiwonjezere pang'ono. Tsiku lokaonekera lisanakwane, mupite ndi adivogado wanu mukapereke kalata yofotokoza kuti mabuku sali kwa inu, ali kwa uje, ndipo mukupempha nthawi. Ikhale yolembedwa, adinde pa kope yanu. Tengani mapepala a malipiro anu a uphunzitsi ndi sitetimenti ya akaunti yanu ya zaka zonsezo, zimaonetsa zokha kuti ndalama za nandolo sizinadutse kwa inu. Mauthenga a pa WhatsApp a amalume musafufute. Kumeneko musanene chimene simukudziwa, musawanamizire amalume, musawabisirenso. Mukafunsidwa za Dubai yankho lanu ndi loona kale: simunapiteko, simunasayinire ndalama zopita kumeneko, amene anali ndi mphamvu yosayina ndi uje, pepala lake ili.

Ndipo amalume ngati ali ndi nzeru apite okha akakonze. Kukhoma msonkho wotsalira ndi chindapusa kumapweteka, koma kumathera ku Finansa. Fayilo ikachoka kumeneko kupita kwa a PGR imakhala nkhani ina.

Membala wobisa dzina

Zikomo nonse. Kalata ili ndi ine, ndawatumizira chithunzi chokha. Angoyankha kuti "ndani akukupusitsa?" ndipo akuti abwera Loweruka ndi mapepala ena oti ndisayine kuti andichotsemo. Amuna anga apita kukauza agogo aamuna kuti akhalepo tsikulo. Ine ndapempha chilolezo kusukulu kuti Lachinayi ndipite ku Tete. A zamalamulo, kodi setifiketi ija imatuluka tsiku lomwelo, kapena ndikonzekere kugona konko? Ndipo mapepala a Lowerukawo, ngati akunenadi zondichotsa, ndikanebe kusayina?

Wophunzira zamalamulo

Konzekerani kugona, musadalire tsiku limodzi. Za Loweruka, landirani mapepalawo ndi manja awiri, muthokoze, munene kuti mukawerenga kaye. Asayinidwe adivogado wanu atawaona, pa deti lenileni, pamaso pa notariyo.