Mlatho wapita ndi madzi, timange wotani?

Wapampando: Abale, zithunzi mwaziona. Mlatho wakokoloka usiku wathawu. Amisiri akuti watsopanowo tiukweze ndithu chifukwa madzi a masiku ano si akale aja. Tamvani maganizo.

Amalume a ku Joni: Ayambapo za kusintha kwa nyengo. Mitsinje yakhala ikusefukira chibadwire changa. June wapitayu anthu amafunda mabulangete awiriawiri, ndiye dziko likutentha patipo?

Aphunzitsi: Amalume, kuzizira kwa mwezi umodzi dera limodzi sikungakuuzeni za dziko lonse. Bungwe loona zanyengo padziko lonse la WMO linalengeza kuti 2024 ndi chaka chotentha kuposa zonse chiyambire kulemba, pafupifupi madigiri 1.5 pamwamba pa mmene kunkakhalira mafakitale asanachuluke. Ndipo 1.5 yemweyo ndi malire amene mayiko anagwirizana ku Paris mu 2015 kuti ayesetse kusawapyola.

Amalume a ku Joni: Digiri imodzi ndi theka basi? N'kugwetsa mlatho?

Aphunzitsi: Thupi lanu litatentha kuwonjeza 1.5 mungadzuke kupita kuntchito? Mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umasunga chinyezi chowonjezera pafupifupi 7 pa 100. Chinyezicho chikati chitsike, mvula ya sabata yonse imagwa usiku umodzi, nthaka osatha kumwa. Nyanja nazo zikafunda anamondwe amapeza mphamvu. Namondwe Freddy mu 2023 anatha masabata oposa asanu asanazilale. Carbon dioxide, mpweya umene umatenthetsa dziko, mumlengalenga anali pa magawo 280 pa miliyoni kalelo, lero wadutsa 420, chifukwa cha malasha, mafuta ndi kudula nkhalango.

Azakhali: Pepanitu aphunzitsi, sukulu yakwana. Mlathowo sanaugwetse carbon. Ine ndinakanda chipilala ndi chala, mchenga kumangoyoyoka. Simenti tinasonkhera ija inapita kuti?

Msungichuma: Azakhali, malisiti ndinaika pano kalekale.

Azakhali: Kachithunzi kosawerengeka kaja?

Msungichuma: Ngati mukunditcha wakuba nenani poyera.

Amalume a ku Joni: Mwamvatu, nkhani ndi simenti. Komanso owononga mpweyawo ndi China ndi America, Africa yense safika ndi 4 pa 100 pomwe. Alipire iwowo.

Aphunzitsi: Ndiye mwavomera kuti vuto lilipo, Amalume! Thumba lothandiza mayiko okhudzidwa analivomereza ku msonkhano wa mayiko wa zanyengo wa COP27 mu 2022, koma tikati tidikire limenelo ana aziwoloka bwanji popita kusukulu? Simenti inachepa, inde. Koma ngakhale tithire yokwanira, tikamanga msinkhu womwewo madzi adzadutsa pamwamba.

Mlamu: Ine ndingofunsa, amisiri ake ndi omwe aja?

Wapampando: Chonde tiyeni tibwerere pa nkhani ya kukweza.

Azakhali: Osaona buku la ndalama, ine sindisonkhanso.

Mlembi: A Wapampando, a Msungichuma atuluka pagulu. Ndiwabwezere kapena tidikire kaye?