Kodi ndalama zosamalira chilengedwe zimafika kumudzi?

Chibavi_boy:
Abale ndifunseko. Boma linabweretsa carbon tax, msonkho wa utsi wa magalimoto, mu 2019 ati ndi yachilengedwe, chaka chilichonse Disembala akafika timamva zotsegulira nyengo yodzala mitengo, koma taonani nkhalango ya Kaning'ina ku Mzuzu mmene ikuyeramo pomwe madzi athu a ku damu la Lunyangwa amadalira nkhalango yomweyo. Ndiye makobiliwa amathera kuti, alipo wakumudzi analawako?

Nyauhango:
Achimwene ine ndimagula makala pa msika wa Zigwagwa sindibisa, magetsi akathima nsima ndiphikira chani, gasi naye mtengo wake sitiyankhula. Amene amandigulitsa ndi bambo wachikulire amadzuka usiku kukankha njinga matumba atatu atasanjikiza mpaka osaona kutsogolo, malaya ali bii thukuta lokhalokha, ndalama yake ndi ya feteleza ndi fizi basi. Munthu ameneyo ukamulanda njinga pa rodibuloko mawa akakongola ina nkubwereranso kutchire chifukwa kunyumba ufa kulibe.

Mdala_wa_Luwinga:
Lamulo la nkhalango la 1997 analikhwimitsa mu 2020, zilango zinakwera zedi, koma lamulo popanda bajeti ndi chipepala chabe. Alonda a zankhalango ndi ochepa, galimoto yolondera ilibe mafuta. Chikangawa ija inali mahekitala oposa 50,000 a paini, tinkadutsa pa M1 kuli mdima masana, pano zitsa ndi moto chaka ndi chaka. Ndipo chimandinyansa ine nchakuti ndalama yochepa yomweyo imathera pa mwambo, matenti, ma tisheti, ma alawansi, bwana adzala kamtengo kamodzi ajambulitsa wapita. Wopalira ndi kulambula njira zotchinga moto mu Ogasiti ndani? Palibe amalipidwa zimenezo.

Nyauhango:
Eeh adada mwalasa. Kwathu ku Mzimba kuli zija za Climate Smart, anthu amakumba migula ndi kudzala mitengo nkulandira kangachepe, zimathandiza ndithu kungoti malipiro amachedwa ndiye munthu podikira amakayatsa uvuni wa makala kaye kkkk

Chibavi_boy:
Ndiye bwanji osalipira mudzi potengera mitengo imene yapulumuka pakatha zaka zitatu, osati imene yadzalidwa?

Mdala_wa_Luwinga:
Zingatheke, makomiti a zachilengedwe m'midzimu alipo kale ndipo mafumu amadziwa amene amawotcha. Koma ndalamayo idzipita pa foni ya munthu mwini wakeyo, ikangodutsa mmaofesi atatu ifika itaonda. Funsani khansala wanu kuti khonsolo yaika zingati pa nkhalango chaka chino, mudzatiuze pano.