Lilongwe kukafika London pa ndege ndi maola angati kwenikweni?

NaPhiri wa ku Luton:
Abale ndithandizeni. Mayi anga akubwera kuno koyamba kudzaona mdzukulu wawo, sanakwerepo ndege chibadwire ndiye ali ndi vuto la miyendo imatupa akakhala pansi nthawi yaitali. Tikiti ndikufuna kuwagulira ikuti anyamuka pa KIA masana nkufika Heathrow m'mawa wa tsiku linalo, koma mnzanga akuti mtunda wake ndi ma kilomita 8,000 okha zomwe ndege imatha maola 10. Nde maola enawo akupita kuti? Ndipo njira yabwino kwa munthu wamkulu ndi iti?

Mkulu wa ku 25:
Asisi mnzanuyo sananame, kuyeza molunjika Lilongwe ndi London ndi pafupifupi ma kilomita 8,000 ndipo ndege zikuluzikuluzi zimathamanga cha m'ma 850 pa ola, vuto ndiloti palibe ndege yochoka kuno nkukatera ku London osaima pena. Kale British Airways inkafika ku Lilongwe koma inasiya. Pano mukakwera Ethiopian ndi maola pafupifupi 4 kukafika Addis Ababa, mutsike pa bwalo la ndege la Bole mudikire mpaka pakati pa usiku, kenako maola ena 8 kukafika London. Onetsetsaninso pa tikitipo chifukwa masiku ena ndegeyo imayamba yatera pena isanalunjike ku Addis.

Chimz_Joni:
Ine ndimakonda kudzera Joni koma kwa amayi ayi ndithu. Johannesburg ili kummwera, nde mumayamba mwabwerera m'mbuyo maola awiri ndi theka, kuchoka apo London ili pa ma kilomita 9,000, maola 11 muli pampando umodzi. Miyendo yotupa singapirire zimenezo. Bola Addis kapena Nairobi pa Kenya Airways ulendo umaduka pakati aziwongolako miyendo.

Mai a Tadala:
Chinanso chikukusokonezani ndi nthawi achemwali. Zolembedwa pa tikiti ndi nthawi ya malo omwe ndege ikutera osati ya kwathu. Addis ili patsogolo pa Malawi ndi ola limodzi, London ili m'mbuyo ndi maola awiri nthawi yozizira, koma kuyambira kumapeto kwa March mpaka October ndi ola limodzi lokha poti amasintha mawotchi. Nde musangowerenga kuchoka 2 koloko kufika 7 koloko mudzasokonekera.

Koma chomwe ndikufuna ndikuuzeni kwambiri ndi ichi, pogula tikitiyo pemphani wilitcheya, salipiritsa. Pa Bole usiku anthu amadzadza ngati pa depoti ya mabasi, zolengeza zonse zili mu Chingerezi ndi chi Amharic, mayi oti sanayendepo akhoza kukhala pa geti yolakwika ndege nkuwasiya. Akakhala pa wilitcheya pali munthu amawatenga pakhomo pa ndege mpaka kukawasiya pa inayo. Muwasankhirenso mpando wa m'mbali mwa kanjira aziti akatopa aima nkuyendako pang'ono, azimwa madzi, mankhwala awo akhale m'kachikwama ka m'manja osati mu sutikesi yayikulu. Za miyendozo apite kaye kwa adokotala asananyamuke, pali masokosi ena othina omwe amathandiza.

NaPhiri wa ku Luton:
Zikomo nonse, tidzera Addis basi. Mai a Tadala wilitcheyayo ndikapemphe kwa ejenti kapena ndiyimbire a ndege eni ake?

Mai a Tadala:
Ejenti akhoza kuikapo, koma kukatsala masiku awiri muyimbe ku ofesi ya ndege atsimikize kuti zalembedwadi mbali zonse ziwiri, KIA ndi Addis.