Zomwe zinapezeka pa galimoto yanga yomwe inkatentha pokwera ku Thyolo

Masabata atatu apitawo ndinafunsa chifukwa chimene galimoto yanga ya dizilo, ya injini ya turbo (kachipangizo kokankhira mpweya wambiri mu injini), inkatenthera kwambiri ndikamakwera zitunda kuchokera ku Luchenza kupita ku Thyolo, pomwe pamsewu wosakwera inkayenda bwinobwino. Ambiri amene munandiyankha munakayikira gasiketi (chotsekera cha pakati pa mutu ndi thunthu la injini), koma amakaniko atayeza anapeza kuti ilibe vuto, ndipo mtima wanga unakhala pansi.

Chivindikiro cha rediyeta ndicho chinali chitatha labala wake, motero madzi ankawira msanga n'kumatayika pang'onopang'ono ine osazindikira. Titamasulanso kutsogolo, tinapeza matope ouma ndi zinyalala zitatsekeratu mpata wa pakati pa intercooler (chida choziziritsa mpweya wochokera ku turbo) ndi rediyeta, moti mphepo inkalephera kudutsa. Kulakwa kwina kunali kwanga, chifukwa kwa zaka ziwiri ndinkathira madzi a pampopi okha, ndipo dzimbiri limene linatuluka potsuka linandimvetsa chisoni. Tsopano tinathira coolant (mankhwala oziziritsa injini) wosakaniza theka ndi theka ndi madzi oyera.

Amene munandilangiza kuti ndikakwera chitunda ndizisiya injini ikulira mphindi ziwiri ndisanazimitse, kuti oyilo asapserere mkati mwa turbo, ndikukuthokozani kwambiri. Loweruka ndinakwera msewu womwewo nditanyamula matumba asanu a chimanga, ndipo kamuvi kosonyeza kutentha sikanapitirire pakati.