Amene mukudziwa moyo wa ku Chizumulu, ndithandizeni

Abale anga, mwana wanga wamkazi amutumiza kukaphunzitsa ku Chizumulu, kachilumba kaja kali kumadzulo kwa Likoma. Ife kwathu ndi ku Dedza, za nyanja sitizidziwa, ndiye mtima wanga suli m'malo.

Ndamva kuti anthu akumeneko amadalira usodzi wa usipa ndi kulima chinangwa, nsima yake ndi kondowole, ndipo katundu wambiri amabwera pa Ilala kuchokera ku Nkhata Bay. Kodi ufa wa chimanga umapezeka, kapena anyamule thumba lake? Nanga nyumba yalendi ndi nkhuni?

Chondisowetsa tulo kwambiri ndi matenda. Ali ndi khanda la miyezi 8. Likadwala usiku nthawi ya mwera, nyanja itakalipa, anthu amatani kuti akafike kuchipatala cha St Peter's ku Likoma? Amene munakhalako, chonde ndiuzeni.