GPS ikundiimika m'munda wa nandolo, ngalande zakale sizikuoneka

Wa ku Phalombe:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndili cha ku Tundulu, ndikusaka ngalande zomwe anakumba anzathu akale pofufuza phosphate, mwala wopangira feteleza, pa phiri la Nathace. Manambala a UTM, osonyeza malo pa mapu, ndawatenga mu lipoti lakale, ndawalowetsa mu GPS bwinobwino. Koma paliponse ikundiimika kunsi, pena m'munda wa nandolo, pomwe palibe ngakhale thanthwe. Lipoti likuti ngalande zili pamtsetse wa phiri. Mvula yayandikira, msewu ukangoterera galimoto silowanso kuno.

Wa ku Zomba:
Achemwali, ngalande zonse zikuphonyekera mbali imodzi? Ndipo ndi mamita angati?

Wa ku Phalombe:
Zonse zikugwera kumpoto kwa pomwe mapu akusonyeza. Mamita ngati 300.

Wa ku Zomba:
Basitu, ndi datum imeneyo, maziko omwe manambala a malo amayezedwerapo. Mapu athu akale a 1:50,000 anajambulidwa pa Arc 1950, pomwe GPS yanu inabwera ili pa WGS 84. Manambala a Arc 1950 mukawalowetsa osasintha, kuno kwathu mumakaima pafupifupi mamita 300 kumpoto kwa malo enieni. Kum'mawa kapena kumadzulo kusiyanako nkochepa. Sinthani datum mu GPS momwemo, zone ya UTM ikhale 36 ya kumwera. Ngati muli ndi QGIS, pulogalamu ya mapu ya pa kompyuta, ikani mfundozo pa EPSG 20936 (nambala ya Arc 1950), kenako muzitembenuzire ku 32736 (ya WGS 84). Koma yambani mwawerenga m'mphepete mwa mapu, pansi pamalembedwa datum yake.

Wa ku Karonga:
Ndionjezereko. Musanakhulupirire zomwe mwasinthazo, kaimeni pa chinthu chomwe sichisuntha, chipilala cha a Survey pamwamba pa phiri kapena mlatho womwe uli pa mapu, muone ngati zikugwirizana. Kampasi nayo musamale nayo, miyala ina ya carbonatite, mtundu wa miyala ya ku Tundulu, ili ndi magnetite yambiri, chitsulo chokoka ngati maginito, singano imakhota mukaiyandikiza pathanthwe. Imirirani, muitalikitse.

Wopuma pantchito:
Mwana wanga, anzakowa akuuza zoona, koma usayembekeze kuti ukaima pakamwa pa ngalande penipeni. Nthawi yathu GPS kunalibe. Tinkayeza ndi kampasi ndi tepi, pena kuwerenga mapazi, kenako nkubaya kadontho pa chithunzi cha m'ndege. Pa mapu a 1:50,000, milimita imodzi ndi mamita 50 pansi, ndiye nsonga ya pensulo yokha ikhoza kukutaya. Pita kwa amfumu, ulonjere bwino, ufunse madoda omwe anagwirapo ganyu yokumba. Amenewo amakumbukira dzenje lililonse, chifukwa mbuzi zawo zinkagweramo. Ndipo ukaona nkhalango yowirira pakati pa minda, usalowemo ndi nyundo usanafunse. Kawirikawiri amakhala manda.

Wa ku Phalombe:
Zikomo bambo, zikomo nonse. Ndasintha datum, mfundo zakwera phiri. Amfumu anandipatsa agogo ena omwe anandilondolera mpaka pa ngalande yoyamba, mamita 40 kuchokera pomwe GPS inaloza. Yakwiririka theka, pamwamba pali chitedze chokhachokha, manja onse akuyabwa. Koma khoma lake likuoneka, mwala wofiirira wa apatite, womwe uli ndi phosphate, uli pomwepo.

Wa ku Zomba:
Tengani manambala atsopano a ngalande iliyonse, ndipo pa thumba la sampulo ndi m'buku lanu mulembe kuti WGS 84. Mutitumizireko zithunzi za khomalo musanayambe kuswa.